Abigayeli Anaima pa Njira ya Lupanga

Kuwerenga Malemba: 1 Samueli 25:2-35, Deuteronomo 22:8, Eksodo 21:28-29



Ife a Cigwirizano tiudziwa bwino msonkhano wa pakati pa sabata. Timakhala mozungulira, Baibulo lili pamiyendo, ndipo mlendo akalowa timampatsa mpando ndi kumuonetsa vesi limene tikuwerenga. Ndi mmenenso anacitira Akhristu a mpingo wa Emanuel African Methodist Episcopal mumzinda wa Charleston ku America, madzulo a Lacitatu pa 17 June 2015. Anali kuphunzira fanizo la wofesa mbeu mu Marko 4. Munalowa mnyamata wacizungu wa zaka 21. Iwo anamlandira bwino, ndipo anakhala nao pafupifupi ola lathunthu. Koma mumtima mwake munali cidani pa anthu akuda. Pamene anzakewo anatseka maso kuti apemphere, iye anatulutsa mfuti napha anthu 9, azimai 6 ndi amuna 3. Mmodzi wa iwo anali m'busa wao, Abusa Clementa Pinckney. Wamkulu pa onse anali agogo a zaka 87.

Patapita masiku awiri, abale ena a ophedwawo anaima m'khoti, misozi ili m'masaya, nauza mnyamata uja kuti amkhululukira. Dziko lonse linazizwa, ndipo ifenso tiyamika Mulungu cifukwa ca umboni wotere. Komabe pali funso limene Mkhristu sayenera kulithawa: kodi panalibe munthu woti aime pa njira mwazi usanakhetsedwe? Mulungu amene amatiphunzitsa kukhululuka maliro atagwa, ndi yemweyo amene amatituma kuchinga njira ya imfa maliro asanagwe. Tiyeni tione mmene anatumira mai wina dzina lake Abigayeli.

Nkhani ya Abigayeli

Nabala anali munthu wacuma, wa nkhosa 3,000 ndi mbuzi 1,000, koma wouma mtima ndi wamwano. Davide ndi anthu ake anali kukhala m'cipululu, ndipo nthawi yonse anali kuteteza abusa a ziweto za Nabala osatengako kanthu. Pa nyengo yometa nkhosa Davide anatuma anyamata 10 kukapempha cakudya mwaulemu. Nabala anawabweza ndi citonzo. Davide atamva anapsa mtima, nauza anthu ake kuti amange malupanga m'ciuno. Amuna 400 ananyamuka, ndipo Davide analumbira kuti pofika m'mawa sipadzatsala mwamuna wamoyo pakhomo pa Nabala.

Taganizirani, amai. Wolakwa anali mmodzi, koma akufa akanakhala ambiri: anchito, abusa a ziweto, anyamata osadziwa kanthu. Ndipo wofuna kuphayo sanali cigawenga ai. Anali Davide, wodzozedwa wa Mulungu, woimba masalmo. Mkwiyo ndi cida zikakumana m'dzanja limodzi, ngakhale munthu wabwino amaopsa. Komatu tsiku limenelo sipanafe munthu. Pali zinthu zitatu zimene Mulungu anagwiritsa nchito.

1. Panali munthu amene sanakhale cete

Mmodzi wa anchito a Nabala anamva citonzo cija, nazindikira kuti tsoka likubwera. Anadziwa kuti mbuye wake sauzika. Sananene kuti si nkhani yanga, koma anathamangira kwa munthu amene akanacitapo kanthu. Baibulo silichula dzina lake, koma cipulumutso ca banja lonse cinayambira pakamwa pa mnyamata ameneyu.

Ku Charleston munthu wotere anasowa. Masiku angapo tsoka lisanagwe, mnyamata uja anauza mnzake zimene anali kulinga kucita. Mnzakeyo anamva, koma sanauze apolisi.

Nthawi zina wocenjeza amapezeka, koma womumva ndiye amasowa. Ku Scotland kuli tauni yaing'ono yochedwa Dunblane. Mu 1991 wapolisi wina kumeneko analembera akulu ake kuti mwamuna wina wa m'deralo alandidwe laisensi ya mfuti, cifukwa makolo anali kudandaula ndi makhalidwe ake pa ana. Akuluwo sanacitepo kanthu. Pa 13 March 1996 mwamuna yemweyo analowa pasukulu ya pulaimale ndi mfuti 4 za m'manja, zonse zololedwa ndi boma, napha ana 16 a zaka 5 ndi 6 pamodzi ndi mphunzitsi wao. Zonsezi zinatenga mphindi zosakwana 5.

Akulu athu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ezekieli 33 atiphunzitsa kuti mlonda woona lupanga likubwera koma osaliza lipenga, Mulungu adzamfunsa za mwazi wa ophedwawo. Munthu akanena kuti adzapha wina, kapena adzadzipha, musayese ndi mowa cabe kapena nthabwala. Kuulula mau otere si miseche. Miseche imaononga mbiri ya munthu kumbali, koma cenjezo limapita kwa amene angathandize, ndipo limapulumutsa ngakhale woopsezayo.

2. Panali mai amene anafulumira

Abigayeli sanayembekeze kuti kuce. Anatenga mikate 200, zikopa ziwiri za vinyo, nkhosa 5 zokonzeratu, tirigu wokazinga, ncinci 100 za mphesa zouma ndi zina 200 za nkhuyu, nasenzetsa abulu. Anakwera bulu wake napita kukakumana ndi amuna 400 a malupanga pa njira ya m'phiri. Analibe cida ciliconse. Anatsika, nagwada, nalankhula mwanzeru. Sanakane kuti mwamuna wake analakwa. Koma anakumbutsa Davide za malonjezo a Mulungu pa iye, namuuza kuti akadzakhala mfumu, asadzakhale ndi mtima womtsutsa cifukwa ca mwazi wokhetsedwa popanda cifukwa. Davide anamva, nalemekeza Mulungu amene anatuma mai ameneyu kudzamletsa kupalamula mlandu wa mwazi.

Onani kuti Abigayeli anali mai wa cikhulupiriro. Mau ake adzala ndi dzina la Yehova. Koma cikhulupiriro cakeco cinali ndi manja osenza katundu ndi miyendo yoyenda.

Ku Dunblane kunadzukanso azimai otere, ngakhale kuti kwa iwo madzi anali atatayika kale. Azimai atatu, mmodzi wa iwo Mai Ann Pearston, anayamba kusonkhanitsa maina a anthu opempha nyumba ya malamulo kuti iletse mfuti za m'manja. Nchito yao anaicha Snowdrop, dzina la kaduwa koyera kamene kanali kataphuka m'masiku amene anawo anaphedwa. Sanali andale kapena acuma. Anali azimai olera ana monga ife. Anthu oposa 700,000 anasaina pempho lao, ndipo mu 1997 boma la Britain linaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti za m'manja pafupifupi za mtundu uliwonse ku England, Scotland ndi Wales. Ana amene anaikidwa m'manda sanabwerere, koma azimaiwa anagwirira nchito ana a anzao amene sanawadziwe n'komwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

3. Mulungu amafuna mpanda

Wanchito uja anauza Abigayeli kuti m'cipululu anthu a Davide anali ngati linga lowazungulira usana ndi usiku. Lamulo la Mose limakambanso za linga. Nyumba za ku Israyeli zinali ndi denga lafulati pomwe anthu anali kukhala ndi kugona. Cotero Deuteronomo 22:8 alamula womanga nyumba kuti amange kampanda kuzungulira dengalo, kuopa kuti munthu angagwe, mwazi wake n'kukhala pa mwini nyumba. Mwini nyumbayo sanakankhe munthu. Mlandu wake ndi wakuti sanamange mpanda.

Eksodo 21 akambanso za ng'ombe yogunda anthu. Ikapha munthu mosayembekezeka, mwini wake alibe mlandu. Koma ngati inali ndi cizolowezi cogunda, mwini wake n'kucenjezedwa, iye osaitsekera, mlandu wa imfayo ugwera iye.

Lamulo limeneli lacitika m'masiku athu. Ku Michigan, ku America komweko, makolo ena anagulira mwana wao wa zaka 15 mfuti. Patapita masiku 4, pa 30 November 2021, aphunzitsi anapeza mwanayo atajambula mfuti ndi mwazi, atalembanso mau opempha thandizo. Anaitana makolowo m'mawa womwewo. Iwo anabwera, koma sanamtenge mwanayo kupita naye kunyumba, ndipo sanachule kuti ali ndi mfuti. Masana a tsiku lomwelo mwanayo anapha ana anzake 4 pasukulupo. Mu 2024 khoti linapeza bambo ndi mai ake olakwa, niliwalamula kukakhala m'ndende zaka 10 mpaka 15. Iwo sanaombere munthu, koma anacenjezedwa, ndipo ng'ombe sanaitsekere.

Katekisma wathu wa Heidelberg, pa Sabata 40, amafotokoza lamulo lacisanu ndi cimodzi mwa njira yomweyi. Kusapha kokha sikukwanira. Tiyeneranso kuteteza mnzathu ku coipa monga momwe tingathere. Katekisma amanenanso kuti boma linapatsidwa mphamvu ndi colinga coletsa kuphana, monga Paulo aphunzitsa mu Aroma 13. Motero malamulo onena za amene angagule mfuti, mtundu wa mfuti umene angagule, ndi mmene angaisungire, ndiwo mpanda wa pa denga la dziko.

Mpanda ukakhala ndi mpata, mbuzi zimapeza polowera. Ku America munthu akafuna kugula mfuti m'sitolo, boma limayamba lafufuza mbiri yake. Koma lamulo la dziko lonse limati kufufuzako kukapanda kutha m'masiku atatu a nchito, wogulitsa angathe kupereka mfutiyo. Mnyamata wa ku Charleston anali atagwidwapo ndi mankhwala oletsedwa, ndipo anavomera kwa apolisi. Cifukwa ca zimenezi sanayenere kugulitsidwa mfuti. Koma mapepala a mlandu wake anasokonekera, masiku atatu anatha, ndipo mu April 2015 anatenga mfutiyo. Mkulu wa bungwe lofufuza milandu la FBI anavomera poyera kuti panalakwika. Kampata ka masiku atatu kanabala maliro 9.

Kodi si mtima umene umapha?

Wina anganene kuti, amai, vuto si mfuti koma mtima wa munthu, pakuti Kaini anapha Abele kusanabwere mfuti. Zimenezi n'zoona ndithu. Ambuye Yesu anaphunzitsa mu Marko 7 kuti kupha kumacokera mkati mwa munthu. Palibe nyumba ya malamulo imene ingapatse munthu mtima watsopano. Ngakhale ku Britain, mu 2010, munthu wina ku Cumbria anapha anthu 12 ndi mfuti zimene anali nazo mololedwa. Wocotsa chimo ndi Khristu yekha.

Koma taonani izi. Mulungu amene adziwa mtima wa munthu kuposa ife tonse ndiye analamula mpanda. Timatsekera mankhwala a makoswe ndi a thonje kutali ndi ana, ngakhale timawapempherera anawo tsiku ndi tsiku. Palibe mai amene amati kucita zimenezi n'kusowa cikhulupiriro. Mkwiyo wa munthu nthawi zambiri umakhala wa kanthawi. Wa Davide unazirala pa njira, pamene anapeza womuimitsa ndi nthawi yoganiza. Mfuti siipereka nthawi imeneyo. Kaini anapha mbale mmodzi. Mnyamata wa ku Charleston anaombera zipolopolo zoposa 70 m'kanthawi kocepa. Mtima woipa ndi umodzimodzi, koma cida ndico cimacurukitsa manda.

Dziwaninso kuti mfuti ya m'nyumba kawirikawiri imapha a m'nyumba momwemo. Mu 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka la iwo anadzipha okha. Ambiri safera pasukulu kapena m'chalichi, koma kucipinda, usiku wa mkangano kapena wa kutaya mtima.

Mfuti inasanduka khasu

Tisayese kuti nchito imeneyi ndi ya maiko a kutsidya kwa nyanja okha. Pafupi nafe pompa, mpingo unaigwirapo. Ambiri a ife kum'mawa tikumbukira abale athu a ku Mozambique amene anathawa nkhondo nakhala ku Ukwimi m'boma la Petauke. Nkhondoyo inatha mu 1992, koma mfuti zambirimbiri zinatsala zokwiriridwa m'minda ndi zobisika m'madenga. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Cikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayamba kupempha anthu kuti abweretse mfuti zao. Wobweretsa mfuti anali kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Anatsamira pa masomphenya a Yesaya 2 ndi Mika 4, onena za tsiku limene zida za nkhondo zidzasulidwa kukhala zida zolimira. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa. Zina anazidula, amisiri n'kuzilumikiza kukhala cifanizo ca mtengo waukulu wochedwa Mtengo wa Moyo, cimene cinakaonetsedwa ku British Museum mumzinda wa London. Mpingo sunangolalikira mtendere pa guwa. Unasenza makasu ndi makina osokera monga Abigayeli anasenzera mikate.

Nanga ife ticite ciani?

Tiyamika Mulungu kuti dziko lathu la Zambia lakhala pa mtendere. Koma caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Mfuti zilimo m'nyumba zina za Akhristu: za osaka nyama, za alimi, za amalonda, za amuna athu a nchito za citetezo, ndiponso za gogodera zobisika pa denga. Conco ndikupemphani zinthu izi.

Coyamba, dziwani cimene cili m'nyumba mwanu. Lamulo la dziko lathu limafuna kuti wokhala ndi mfuti akhale ndi laisensi. Ngati muli mfuti yopanda laisensi, kaya ndi yosiyidwa ndi malemu agogo, limbikitsani banja kuti ikaperekedwe kwa apolisi. Ngati ndi yololedwa, ikhale yokhomeredwa, zipolopolo zisungidwe pena, ndipo kiyi isakhale pomwe mwana angaipeze. Pamene m'nyumba muli munthu woledzera, wodwala maganizo kapena wotaya mtima, kambiranani ndi akulu kuti mfutiyo icoke m'nyumbamo mwa njira ya lamulo.

Caciwiri, musabise ciopsezo. Ndikulankhula ndi inu amai amene amuna anu anakulozanipo ndi mfuti, kapena amaitulutsa pa mkangano, kapena amati tsiku lina adzakuphani n'kudzipha okha. Mwina munalangizidwa kuti za m'nyumba saulula. Malangizo amenewo sanapangidwire moyo umene uli pangozi. Abigayeli sanapemphe cilolezo kwa Nabala kuti akapulumutse banja, ndipo Malemba samamdzudzula. Pocita zimenezo anapulumutsa Nabala yemwe ku lupanga la Davide. Uzani abusa, akulu a mpingo ndi ankhoswe, koma musalekere pomwepo. Nkhani ya mfuti ndi ya apolisi, ndipo ali ndi nthambi yothandiza ozunzidwa yochedwa Victim Support Unit. Inunso atsogoleri a Cigwirizano, mai akakuuzani zotere musangompempherera n'kumbweza kunyumba. Mperekezeni.

Cacitatu, cherani khutu kwa ana anu, makamaka anyamata. Mnyamata wa ku Charleston anakulitsa cidani cake powerenga za pa intaneti ali yekha. Lero lamya ya m'manja yafika m'midzi mwathu. Mwana akayamba kudzipatula, kukamba za imfa, kapena kunyoza anthu a mtundu wina, khalani naye pansi. Ndipo tidzifunse tokha: kodi ana athu amamva ciani pakamwa pathu tikamakamba za mitundu ina ya m'dziko lino, makamaka pa nyengo ya masankho? Lupanga la Davide linasololedwa ndi lilime la Nabala.

Cacinai, gwirizanani. Mutu umodzi susenza denga. Pamene nkhani za malamulo a mfuti ndi nkhanza za m'banja zikambidwa, kaya kwa amfumu, kaya ndi makhansala ndi aphungu athu, mau a azimai a mpingo amveke. Pemphererani olamulira, ndipo afunseni za mpanda.

Mau otsiriza

Abigayeli anapempha Davide kuti mlandu wa mwamuna wake ukhale pa iye, ngakhale sanalakwe. Apa tikuona cithunzi ca Wina wamkulu kuposa iye. Yesu Khristu anaima pakati pa ife ocimwa ndi ciweruzo cimene cinatiyenera, nasenza mlandu umene sunali wake. Usiku umene anagwidwa, Petro anasolola lupanga kuti amteteze, koma Ambuye anamuuza kuti alibweze, naciritsa khutu la munthu amene anabwera kudzamgwira. Iye ndiye amasandutsa mtima wa Nabala ndi mkwiyo wa Davide. Ngati muli ndi cidani mumtima lero, citulani pa mtanda wake. Ndipo popeza anatipulumutsa ndi mwazi wake, tiyeni tiwerengere mwazi wa mnzathu aliyense kukhala wa mtengo wapatali. Tikhale azimai odziwa kulira ndi olira, odziwa kukhululuka, ndiponso odziwa kumanga bulu usiku ndi kuima pa njira.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi zifukwa zotani zimene zimatitseka pakamwa tikamva munthu akuopseza mnzake?
2. Kodi Deuteronomo 22:8 atiphunzitsa ciani za zinthu zoopsa zimene timasunga m'nyumba zathu?
3. Mai wa m'gulu lathu ataopsezedwa ndi cida, tingacite ciani tsiku lomwelo? Tingapite naye kwa yani?

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, Mwini moyo, tonthozani mabanja onse amene anataya okondedwa ao ndi mfuti. Tipatseni makutu akumva cenjezo, pakamwa posaopa kunena zoona, ndi miyendo yofulumira monga ya mdzakazi wanu Abigayeli. Patsani atsogoleri a maiko nzeru zomanga mpanda wolimba. Cotsani cidani m'mitima mwathu ndi m'mitima ya ana athu, ndipo sungani nyumba zathu, masukulu athu ndi mipingo yathu mu mtendere wanu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Mpulumutsi wathu. Amen.